Maganizo akathawa pa buku: zimene ubongo umachita

Kodi munawerengapo tsamba lonse la Biology n'kufika kumapeto osakumbuka ngakhale mzere umodzi? Maso anali pa buku, koma mutu unali kwina: pa fizi yosalipira, pa mayeso a MSCE, kapena pa mawu amene mnzanu anakunenani dzulo. Kuno ku Mtsiliza ndimamva ana asukulu akudandaula zimenezi, ena mpaka kudzitcha mbuli. Ayi ndithu anzanga, si umbuli. Ubongo wa munthu aliyense umatero.

Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku yunivesite ya Harvard anafalitsa kafukufuku amene anachita pa anthu 2,250. Foni inkawafunsa mwadzidzidzi chimene akuchita, chimene akuganiza, ndi mmene akumvera mumtima. Anapeza kuti pa mayankho 100 alionse, pafupifupi 47 anali a anthu amene maganizo awo sanali pa chimene ankachita. Anapezanso kuti maganizo akamayendayenda chonchi, anthu sankasangalala kwenikweni.

Nanga n'chifukwa chiyani? Mu 2001, Marcus Raichle ndi anzake anasonyeza kuti pali zigawo zina za ubongo zimene zimatakataka kwambiri munthu akangokhala phee. Anazitcha default mode. Zigawo zimenezi zimathandiza pokumbukira zakale ndi poganizira zam'tsogolo, ndiye n'zofunika. Popanda kuganizira za mawa simungakonzekere mayeso. Vuto limabwera maganizo akamangozungulira pa nkhawa imodzi ngati mbuzi ya pachingwe. Kwathu kuno timati kuganiza kwambiri.

Kuganiza kwambiri kumalanda malo. Ubongo uli ndi mbali yosunga zinthu kwa kanthawi pamene tikuzigwiritsa ntchito, yotchedwa working memory, ndipo imanyamula zinthu zinayi zokha kapena kuposa pang'ono nthawi imodzi. Ili ngati katebulo kakang'ono kowerengerapo. Mukamasova samu, pakatebulopo pamafunika fomula, manambala ndi sitepe imene mwafika. Nkhawa ikakhalapo, china chimagwa pansi. Komanso mantha akabwera, tiziwalo timene tili pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline, mtima n'kuyamba kuthamanga, m'manja thukuta. N'chifukwa chake funso limene munalidziwa bwinobwino usiku limasowa m'mutu mukalowa m'chipinda cha mayeso.

Njira imodzi yothandiza ndi imene pa Chingerezi amati mindfulness: kuzindikira kumene maganizo apita, n'kuwabweza pa chimene chikuchitika pano, osadzikalipira. Inachokera ku kusinkhasinkha kwa Abuda, ndipo mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayamba kuiphunzitsa kwa odwala ku yunivesite ya Massachusetts, m'maphunziro a milungu 8. Cholinga si kuchotsa maganizo onse m'mutu, zimenezo sizitheka. Luso lake ndi kubwerera.

Tiyeni tiziyese tokha, monga timachitira mu labu.

Choyamba, werengani buku kwa mphindi 10, pensulo ili m'manja. Mukangozindikira kuti mutu wathawa, lembani kamzere papepala, n'kubwerera pa chiganizo chimene munasiyira. Chitani izi tsiku lililonse kwa mlungu umodzi ndipo muzisunga chiwerengerocho. Timizere tikachuluka musakhumudwe. Kamzere kalikonse ndi umboni woti mwazindikira.

Chachiwiri, ikani zala ziwiri pa mtsempha wa padzanja, mumve kugunda kwa mtima. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kakhumi. Mukatchera bwino, mumva kuti mtima umafulumirako pokoka mpweya ndipo umachedwerako potulutsa. Mtsempha wa vagus, wochokera ku ubongo kufika ku mtima, ndi umene umagwira ntchito ngati buleki pamenepa.

Mwina mukuti, "Koma kwathu kulibe malo a zii." Zoona. Kuno kuli mahutala a njinga zamoto za kabaza, nyimbo za pamsika, ana akusewera pakhonde. Phokosolo ligwiritseni ntchito. Muli pamzere wotunga madzi, tchulani mumtima mawu asanu amene mukumva, kenako mumve kulemera kwa ndowa ndi mapazi anu pansi. Makutu ndi khungu zimangouza ubongo za panopa basi.

Chachitatu ndi cha tsiku la mayeso. Mu 2011, Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a ku yunivesite ya Chicago anapeza kuti ophunzira amantha amene analemba nkhawa zawo papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe anakhoza bwino kuposa anzawo amantha amene sanatero. Yesani pa mayeso a kalasi kaye, muone ngati zikukuyanjani.

Koma sayansi imafuna kuti tinene zonse. Ku Britain, kafukufuku wotchedwa MYRIAD, wa ana asukulu oposa 8,000, anasonyeza mu 2022 kuti kuphunzitsa mindfulness kalasi yonse sikunachepetse mavuto a maganizo kuposa maphunziro a masiku onse, ndipo ana ambiri sankayeserera kunyumba. Choncho si mankhwala a zonse. Kupuma mofatsa sikulipira fizi, sikuthetsa njala, ndipo sikulowa m'malo mwa kuwerenga.

Ngati kuganiza kwambiri kwakutengerani milungu, tulo osabwera, chakudya osakoma, musakhale nazo nokha. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti zimathandiza. Inunso uzani aphunzitsi amene mumawakhulupirira, makolo, kapena achipatala.

Yambani ndi mphindi 10 ndi pensulo madzulo ano. Pakatha mlungu, yerekezani timizere tanu ndi ta mnzanu wa pa desiki.