Mnzathu akatsamwa padooko

Anzathu a m'makomiti a m'mbali mwa mitsinje ya Bua, Namitete ndi Nambuma, komanso eni madamu ku Nsaru ndi ku Mpingu, pamisonkhano timakonda kukamba za maukonde oletsedwa. Lero tikambe za kutsamwa.

Alipo anyamata owedza amene amaluma kansomba kamoyo kuti manja akole nyambo ina. Khalidweli lapha asodzi m'maiko ambiri. Kansombako kakaphiriphitha kamalowa chamutu, minga yake yapamsana n'kutambasuka, moti kukakoka kumchira kumang'amba kum'mero. Komiti iliyonse iletse zimenezi monga imaletsera kuphera nsomba neti ya udzudzu. Mbedza nayonso si yoika pakamwa.

Ngozi ikachitika, choyamba timufunse mnzathuyo kuti, "Mwatsamwa?" Ngati akuyankha kapena kutsokomola mwamphamvu, mpweya ukudutsa. Timulimbikitse kutsokomola, tisamumenye. Koma ngati mawu sakutuluka, wagwira pakhosi, milomo ikuda, ndiye kuti kholingo latsekeka, ndipo ubongo umayamba kuonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6. Kabaza sangafike kuchipatala m'nthawi imeneyi. Woyenera kumupulumutsa ndi ife amene tili pomwepo.

Timuweramitse, timumenye mwamphamvu kasanu ndi chikhatho pakati pa mapewa. Zikakanika, tiime kumbuyo kwake, tiike chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, dzanja lina ligwire chibakeracho, ndipo tikokere m'kati ndi m'mwamba kasanu. Tibwereze njira ziwirizi mosinthanasinthana. Mayi woyembekezera timamukankha pachifuwa, osati pamimba. Khanda losakwana chaka timaligoneka chafufumimba pamkono, mutu kumunsi, kulimenya pamsana kasanu, kenaka kulitembenuza n'kukanikiza pachifuwa kasanu. Akakomoka, timugoneke chagada n'kumakanikiza pachifuwa mofulumira pamene ena akufuna galimoto. Tisapise chala m'kamwa ngati chotsamwitsacho sitikuchiona.

Munga wobaya kum'mero ndi nkhani ina. Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti timeze mbamu yayikulu ya nsima. Mbamuyo ingaulowetse mungawo m'kati kwambiri, pakapita masiku pamatupa n'kuchita mafinya. Wodwala asadye kanthu, apite ku St Gabriel ku Namitete, ku Kabudula kapena ku Nambuma, ndipo zikavuta amutumiza ku Kamuzu Central. Minga ina siioneka pa X-ray, choncho tifotokoze bwino nsomba imene anadya ndi nthawi yake. Amene takoka pamimba uja nayenso akapimidwe, ngakhale akunena kuti wachira.