Galimoto ikakana kulira: vuto ndi batire kapena alitaneta?

Galimoto zambiri za m'misewu yathu si zatsopano. Zinayamba zayenda zaka zingapo ku Japan, kenako zinatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ma Corolla, ma Sienta, ma Probox ndi minibasi za Hiace n'zolimba ndithu, koma ukalamba uli ndi matenda ake. Mwapotokola kiyi m'mawa, galimoto yangoti kete kete, osalira. Anthu ambiri amathamangira kukagula batire latsopano. Pakangopita masiku owerengeka, latsopanolo lathanso moto. Ndalama zapita, vuto likadali pomwepo. Tiyeni tiphunzire kufufuza chimene chalakwika tisanapise m'thumba.

Wosunga ndi wopanga

Batire lili ngati nkhokwe: mumatapamo zimene munathiramo, ndipo mukamangotapa osathira, tsiku lina mupeza mulibe kanthu. M'kati mwake muli zipinda 6. Chipinda chilichonse chili ndi mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi, ndipo chimapereka mavolti 2.1. Mukawonkhetsa zonse mupeza 12.6. Amenewa ndiwo mavolti a batire lodzaza bwino. Ntchito yake yaikulu ndi ya kanthawi kochepa chabe: kuzunguza sitata kuti injini ilire.

Injini ikangolira, ntchito yonse imatsalira alitaneta. Lamba wochokera ku injini amazunguza chitsulo cha m'kati mwa alitaneta. Chitsulocho chimasanduka maginito chikalandira moto pang'ono, ndipo chikamazungulira pakati pa mawaya okulungidwa, magetsi amapangika. Magetsi amenewa amayenda mosinthasintha, uku ndi uku, pomwe batire limalandira oyenda mbali imodzi yokha. N'chifukwa chake muli madayodi, tizipangizo tolola moto kudutsa koma osabwerera. Mulinso regyuleta, imene imaletsa moto kupyola muyeso. Ndiye pali mabulashi awiri ang'onoang'ono amene amakhuzana ndi chitsulo chozunguliracho n'kumachipatsira moto. Amenewa amaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo m'galimoto yakale nthawi zambiri ndiwo amayamba kugonja.

Choncho galimoto ikamayenda, nyali, wailesi ndi mawayipa zimadya moto wa alitaneta, wotsalawo n'kumabwezeretsa m'batire. Alitaneta ikaleka kutchaja, zonsezi zimayamba kutapa m'batire mpaka galimoto itazima panjira.

Yambani ndi maso ndi manja

Zimitsani injini, tsekulani boneti. Yang'anani mathemino, pamene mawaya amagwira batire. Kodi pali ufa woyera kapena wobiriwira? Ufa umenewu umatchinga moto. Gwedezani themino ndi dzanja. Ikamasuntha, mwina vuto lonse n'lomweli. Ena amakhomerapo msomali kapena kumenya ndi mwala kuti igwire. Galimoto ilira lero, inde, koma mukuwononga mutu wa batire. Masulani bwinobwino, kuyambira ya chizindikiro cha (−), kenako ya (+). Tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, pukutani, mangani molimba. Pobwezera yambani ndi (+). Tsatiraninso waya wa (−) mpaka pamene wamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Pakachita dzimbiri pamenepo, moto suyenda bwino ngakhale batire likhale latsopano.

Kenako lamba. Mudinikizeni ndi chala chachikulu pakati pake. M'galimoto zakale ayenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi. Akakhala wokhwepa amaterereka, ndipo mumamva kulira kwa tswii mukangoliza galimoto kapena mukayatsa nyali. Akathina kwambiri amadya maberingi a alitaneta. Wong'ambikang'ambika kapena wonyezimira m'mbali ndi wofunika kusintha.

Ngati batire lanu lili ndi zitsekerero, tsekulani muone madzi. Ayenera kumiza mapuleti. Akachepa, onjezerani madzi a batire ogula pa filing'i siteshoni kapena m'sitolo ya zipangizo za galimoto. Madzi a pa mjigo kapena a pa mpopi ali ndi mchere umene umawononga mapuleti. Musathiremo asidi wina, chifukwa amene amauma ndi madzi okha, asidi amatsalira momwemo. Ndipo pa ntchito yonseyi fodya akhale kutali. Batire limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka, ndipo asidi akagwera m'maso amachititsa khungu.

Kanyali kofiira

Pa dashibodi pali kanyali kofiira kooneka ngati batire. Mukapotokola kiyi injini isanalire, kayenera kuyaka. Injini ikalira, kazime. Kakayaka mukuyenda, musafulumire kunena kuti batire lafa. Kanyalika kakukuuzani kuti alitaneta sikutchaja. Imani pamalo abwino muone ngati lamba sanaduke, chifukwa m'galimoto zambiri lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi oziziritsa injini. Mukapitiriza ulendo ali woduka, injini ipsa.

Nanga kanyalika kakapanda kuyaka n'komwe? Madalaivala ambiri amakondwa, kuganiza kuti zonse zili bwino. Ayi. M'galimoto zambiri zakale, moto woyamba wodzutsa maginito a alitaneta umadutsira mu babu la kanyali komweka. Babu likapsa, alitaneta yabwinobwino imatha kungozungulira osatchaja. Munthu angagule alitaneta ina pomwe chofunika chinali kababu kotchipa.

Kuyeza ndi mita

Apa m'pamene pagona nkhani. Mita yoyezera magetsi imapezeka m'masitolo a zamagetsi, ndipo mtengo wake sufika pa wa batire. Ngati mulibe, makanika aliyense wa zamagetsi ali nayo. Ikani muvi wake pa 20, mbali imene pali chilembo V chokhala ndi mzere wowongoka. Waya wofiira agwire (+), wakuda agwire (−).

Muyeso woyamba ndi wa injini yozima, makamaka m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Mukawerenga 12.6, batire ndi lodzaza. Pa 12.4 moto wachepako. Pa 12.2 watsala theka. Pa 12.0 kapena kutsika apo, batire latha moto. Koma kutha moto si kufa. Likhoza kukhala batire labwino limene silikulandira chakudya.

Muyeso wachiwiri umafuna anthu awiri. Wina apotokole kiyi, inu maso pa mita. Nambala itsika, chifukwa sitata imadya moto wambiri, koma isatsike kupitirira 9.6. Ngati batire linatchajidwa mokwanira koma likugwa mpaka 8 kapena 7, latopa, ndipo apa ndiye mukhoza kugula lina mtima uli m'malo. Mukapeza kuti batire likungokhala pa 10.5 ngakhale mwalitchaja usiku wonse, dziwani kuti chipinda chimodzi chafa. Chotsani 2.1 pa 12.6, muona kuti masamu akugwirizana.

Muyeso wachitatu ndi wa injini yolira. Mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, mwina kupitirirako pang'ono. Tsopano yatsani nyali zazikulu, fani ndi mawayipa, mnzanuyo apondeko mafuta pang'ono. Nambala isatsike pansi pa 13. Ikangokhala pa 12 ndi kadontho, kapena ikamatsikiratsikira, alitaneta sikutchaja. Musaitaye msanga. Yezaninso pa bawuti yaikulu ya kumbuyo kwa alitaneta, pamene pamachokera waya wonenepa wopita ku batire, koma samalani kuti zala ndi malaya zisakodwe mu lamba. Ngati pamenepo pali 14 koma pa batire pali 12, alitaneta ilibe mlandu. Vuto lili pa waya, pa fyuzi yaikulu kapena polumikizira. Ngakhale itapezeka yolakwa, amakanika a zamagetsi amatha kusintha mabulashi, regyuleta kapena madayodi okha.

Palinso vuto la kutchaja mopyola. Mita ikafika 15 kapena kuposa, regyuleta yawonongeka. Madzi a m'batire amauma msangamsanga, pamamveka fungo la mazira owola, mababu amapsa pafupipafupi, ndipo batire limafufuma m'mbali. Mukaikamo latsopano musanakonze regyuleta, nalonso liphikidwa chimodzimodzi.

Pali kayezedwe kena kofala m'magalaja a m'mbali mwa msewu: kuzula themino injini ikulira, amvekere ikapanda kuzima ndiye kuti alitaneta ili bwino. Musalole zimenezi pa galimoto yanu. Batire limameza moto wodumpha. Mukalichotsa mwadzidzidzi, motowo umatha kukwera n'kuotcha madayodi, wailesi, ngakhale kompyuta ya injini, imene ma Corolla ndi ma Sienta onsewa ali nayo. Ndiponso kayezedweka sikakuuzani ngati alitaneta ikutchaja mokwanira kapena mopyola.

Moto wothawa usiku

Nthawi zina miyeso yonse imatuluka bwino, koma m'mawa uliwonse galimoto n'njokankha. Apa pali chimene chikuba moto galimoto itazima. Mwina ndi kanyali ka m'buti kosazima, kapena wailesi ndi alamu zimene wina analumikiza mwachidule. Dayodi yowonongeka nayo imabweza moto kuchokera m'batire kupita mu alitaneta usiku wonse. Kuti mudziwe, masulani themino ya (−) madzulo, mubwezere m'mawa. Galimoto ikalira bwino, batire likusunga moto, wakubayo ali m'mawaya. Makanika amam'peza pozula mafyuzi imodziimodzi akuyang'ana mita.

Kayendedwe nako kali ndi mbali yake. Galimoto yongoyenda timaulendo tifupitifupi, kuzima ndi kuliza kambirimbiri, nyali ndi wailesi zili chiyakire, sipatsa alitaneta mpata wobweza zimene sitata yadya. Kutentha kwa ku Nsanje ndi Chikwawa kumaumitsa madzi ndi kukalambitsa batire msanga, koma kufooka kwakeko kumadzaonekera m'mawa wozizira wa mu June kapena July, monga wa ku Dedza ndi Mzuzu, pamene injini imalemera kuzungulira. Ndipo kumbukirani kuti yokankha ndi ya magiya a pamanja yokha. Ya otomatiki imafuna kujampa ndi batire lina.

Yesani nokha

Kambiranani awiriawiri, kenako lembani mayankho m'makope mwanu. Minibasi ina yaonetsa 12.1 injini itazima, ndi 12.0 injini ikulira. Kodi mwini wake agule batire? Galimoto yachiwiri yaonetsa 12.6 itazima ndi 14.2 ikulira, koma popotokola kiyi mita ikugwa mpaka 7.5. Vuto lili pati? Yachitatu ikuonetsa 15.6 ikulira, ndipo mwini wake akudandaula kuti mwezi uno wagula mababu kawiri. Mumuuza kuti akasinthe chiyani?