Mafunso ndi Mayankho: Woyenera Kulandira Nkhongole ya Maphunziro Ndani?

Nkhongole ya maphunziro apamwamba mu Zambia imayendetsedwa ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lomwe ambiri amangoti HELSB. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 ndipo linalowa m'malo mwa komiti yakale yomwe inkagawa ma bursary. Makalata amene afika sabata ino, ochokera ku Chipata, Kasenengwa, Katete, Chadiza, Vubwi ndi Lundazi, pafupifupi onse akukhudza mafunso omwe wopempha thandizo amafunsidwa: kodi ndi nzika, anamaliza liti sukulu, makolo ali moyo, nanga pakhomo amapeza bwanji ndalama.

Bambo wina wa ku Kapata walemba kuti mwana wake anakhoza bwino Giredi 12 ku Chizongwe, ndipo akufunsa ngati angapemphe nkhongole malo a ku yunivesite asanapezeke. Yankho ndi lakuti ayi. Malo ndiwo amayamba, nkhongole imatsatira. Mwana ayenera kuyamba wapempha malo ndi kulandira kalata yomuitana, chifukwa kalatayo ndi umboni umene bungwe limafuna. Thandizoli lakhala likupita kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma monga University of Zambia, Copperbelt, Mulungushi, Kwame Nkrumah, Mukuba, Chalimbana ndi Kapasa Makasa, ndipo mndandanda wa chaka chilichonse umatuluka m'chilengezo cha bungwelo. Kulandira malo sikutanthauza kuti nkhongole yapezeka. Opempha amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo, choncho banja lisagulitsiretu ng'ombe n'kutumiza mwana ku Lusaka poganiza kuti boma likamalizitsa zotsalazo.

Mtsikana wina wa ku Chadiza walandira malo ophunzira zamagetsi ku Chipata Trades Training Institute. Iyeyu khomo lake ndi lina. Apite ku komiti ya chitukuko ya m'wadi yake akafunse za bursary ya maphunziro a luso lamanja, yomwe imachokera ku thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF. Thumbali linakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lake limalipirira achinyamata m'masukulu olembetsedwa ndi bungwe la TEVETA komanso ana osowa a m'masekondale ogonera komweko. Ili ndi thandizo losabweza. Chofunika n'chakuti wopempha akhale wa m'deralo ndipo anthu a m'komitiyo athe kutsimikiza kuti pakhomo pali vuto.

Kalata yachitatu yachokera kufupi ndi malire a Mwami. Mnyamata akuti mayi ake ndi a ku Mchinji, bambo ake ndi a kuno, ndipo anzake amuopseza kuti sangalandire kanthu. Anzakewo akulakwitsa. Malamulo aakulu a dziko amati munthu ndi nzika ngati pa nthawi yomwe ankabadwa mmodzi mwa makolo ake anali nzika ya Zambia, ndipo kuyambira mu 2016 kukhala nzika ya mayiko awiri n'kololedwa. Chomwe bungwe la HELSB limayang'ana ndi chiphaso cha unzika, NRC yobiriwira. Mabanja a m'malire, kuyambira ku Vubwi mpaka ku Lundazi, akhala akukwatirana tsidya lino ndi tsidya ilo kuyambira kale, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepa. Mnyamatayu angoonetsetsa kuti NRC yake anaitenga moyenera, ndi umboni wa bambo ake.

Kalata yofunika kuikhalira pansi ndi ya agogo ena a ku Kasenengwa, yomwe awalembera aphunzitsi a m'mudzi mwawo. Mdzukulu wawo ndi wamasiye. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda, anaikidwa kumudzi popanda pepala lililonse. Mwanayo analeredwa ndi amalume ake, ndipo kusukulu analembetsedwa ndi dzina la amalumewo. Pofika zaka 16 anakatenga NRC ndi dzina la malemu bambo ake. Lero satifiketi ya Giredi 12 ikunena dzina lina, NRC ikunena lina, ndipo umboni wa imfa palibe.

Vuto limeneli ndi lomwe limagwetsa ana ambiri a kuno kummawa, ana okhoza bwino ndithu. Kwa Achewa, mwana kuleredwa kwa amalume n'chinthu cha masiku onse, ndipo palibe amene amadabwa mwana wa a Banda akamaitanidwa kuti Phiri chifukwa wakulira pakhomo pa a Phiri. Mudzi wonse umadziwa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Koma wogwira ntchito mu ofesi ku Lusaka sadziwa mudziwo. Iye amaona mapepala awiri a mayina awiri, ndipo sangapereke ndalama za boma mongoganizira. Nthawi zina kusiyanako kumakhala kwa chilembo chimodzi chokha, Nkhoma pepala lina, Nkoma pepala linzake. Nthawi zina ndi dzina la ubatizo lomwe linawonjezedwa pambuyo pake. Nthawi zinanso ndi tsiku lobadwa: kholo lomwe linapita kukalembetsa mwana Giredi 1 linangotchula chaka chomwe chinabwera m'mutu, kapena linadula zaka dala kuti mwana aoneke wamng'ono, kenako pa NRC n'kulembedwa chaka chenicheni.

Dzina lomwe mwana walembetsa nalo mayeso oyamba a Examinations Council of Zambia ndilo limamutsatira mpaka kumapeto. Chaka chilichonse, mayeso asanalembedwe, ana amapatsidwa mpata woona ngati mayina awo ndi masiku obadwa zalembedwa bwino. Ambiri amangosaina osawerenga, aphunzitsi nawo ali pa liwiro, makolo sadziwa n'komwe kuti tsikulo lilipo. Apa ndipo pamatayikira mwayi. Kukonza dzina pa nthawi imeneyo n'kopepuka. Kulikonza satifiketi itatuluka kumafuna maulendo, ndalama ndi miyezi, pamene tsiku lotsekera mafomu silidikira munthu. Ana ambiri amatenga NRC ali Giredi 10 kapena 11, choncho mpata woyerekeza mapepala awiriwo asanalembetse mayeso omaliza umakhalapo. Aphunzitsi aakulu a m'masukulu a kumidzi angapulumutse ana ochuluka atangopatula m'mawa umodzi wokha n'kuuza aliyense wa Giredi 12 kuti abwere ndi NRC, kadi la kusikelo ndi kadi la ubatizo, aziike pamodzi n'kuziwerenga chilembo ndi chilembo.

Kwa agogo a ku Kasenengwa njira ikadalipo, koma iyambike msanga. Pa nkhani ya dzina, mdzukuluyo apite ndi wachibale wamkulu kukalumbira pamaso pa wovomerezeka kulumbiritsa anthu, monga ku khoti la majisitireti, kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Kalata ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu yomwe anaphunzirako ithandizira. Pa nkhani ya imfa, poyambira ndi kwa amfumu a m'mudzi omwe anaona maliro. Iwo alembe kalata yonena dzina la malemu, chaka chomwe anamwalira ndi kumene anaikidwa. Kalatayo itengedwe ku ofesi yolembetsa nzika, kubadwa ndi imfa pa boma, komanso ku ofesi ya Social Welfare, komwe amafufuza za umoyo wa pakhomo ndi kulemba lipoti. Ngati mpingo unalemba malirowo m'buku lake, umenewonso ndi umboni wabwino.

Nkhani ya mapepala a imfa ndi yoti mabanja aziiganizira maliro akangotha. Pa maliro anthu amakumbukira bokosi, ufa, nkhuni ndi ndiwo za olira, ndipo n'zomveka. Pogawa katundu amakumbukira njinga, wailesi ndi munda. Koma kawirikawiri sipapezeka woti atenge NRC ya malemu n'kuisunga, kapena kupita kukalembetsa imfayo. Mwana amene tsiku limenelo ali kumsana adzafuna pepalalo patapita zaka 18, amfumu omwe anaona maliro atamwalira, achibale atabalalika. Wosunga ana amasiye asunge ndi mapepala a makolo awo, m'pulasitiki, pamalo posafika chiswe ndi mvula.

Palinso mbali ina yofunika kuchenjezana. Chifukwa ana amasiye ndi ochokera m'mabanja ovutika amaganiziridwa mwapadera, ena amalemba kuti bambo anamwalira pamene bamboyo ali moyo, akulima fodya ku Chipangali. Mwana amaphunzitsidwa bodza limeneli ndi akuluakulu omwe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ulendo wake wa maphunziro uyambe ndi kuika kholo lake m'manda pa pepala. Kunama pa fomu ya boma ndi mlandu, ndipo zikadziwika thandizo likhoza kulandidwa mwana ali pakati pa maphunziro. Kuwonjezera apo, malo amene watenga mwachinyengowo ndi a mwana ngati mdzukulu wa agogo aja. Ngati bambo ali moyo koma anathawa banja ndipo sathandiza, zimenezo ndizo ziyenera kunenedwa, ndipo a Social Welfare amadziwa kulemba nkhani yotere. Chimodzimodzi anthu omwe amaima pafupi ndi malo a intaneti m'tauni n'kumati ali ndi m'bale wawo ku HELSB, mupereke kangachepe dzina lituluke. Palibe dzina limatuluka mwa njira imeneyo. Iwo amadya ndalama za onse, ndipo mwa anthu khumi mmodzi akasankhidwa mwa mapepala ake, amadzitama kuti ndi ntchito yawo.

Mayi wina wa ku Katete akufunsa kuti alembe chiyani pa funso la malipiro a makolo, poti iye ndi mlimi ndipo salandira malipiro a pamwezi. Alembe zoona: kuti amalima chimanga, mtedza kapena soya, ndi zomwe amapeza pa chaka akagulitsa. Ngati banja lili pa mndandanda wa Social Cash Transfer, kapena mwana ankalipiriridwa sukulu ndi boma, mpingo kapena bungwe ngati CAMFED, umboni wake uphatikizidwe. Ngati mwana ali ndi ulumali, lipoti la kuchipatala lisaiwalike. Malo a pa fomu asasiyidwe opanda kanthu.

Mnyamata wa ku Lundazi akufunsa ngati ndalamazi zimabwezedwadi, chifukwa achimwene ake amati ndi mphatso ya boma. Zimabwezedwa, ndi chiwongoladzanja chomwe. Bungwe linayamba kutolera mu 2018 kuchokera kwa onse omwe anathandizidwa kuyambira mu 2004, ndipo kwa olembedwa ntchito ndalamazo zimadulidwa pa malipiro. Ndalama ya chakudya, yomwe inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, nayonso ndi mbali ya nkhongoleyo.

Kalata yomaliza ndi ya mayi wa ku Mchini amene anamaliza Giredi 12 kalekale, anakwatiwa, ndipo tsopano akufuna kubwerera kusukulu. Chilengezo cha HELSB chimatchula zaka zomwe wopempha ayenera kukhala atamaliza Giredi 12, ndipo kawirikawiri zimakhala zaposachedwa. Mayiyu awerenge chilengezo cha chaka chino asanawononge ndalama pa mafomu. Ngati chaka chake sichikupezekamo, akafunse kwa khansala wa wadi yake za bursary ya luso lamanja ya CDF, kapena aganizire maphunziro a patali omwe University of Zambia ndi Chalimbana amapereka, omwe munthu amalipira yekha pang'onopang'ono akugwira ntchito zake.