PHUNZIRO 14: AZAMBA OOPA MULUNGU

Kuwerenga: Eksodo 1:15-21
Ndime yoloweza: Eksodo 1:17
Cholinga: Ana adziwe kuti kuopa Mulungu kumaoneka pa kusunga moyo wa mayi ndi mwana.

MAU KWA APHUNZITSI

Nkhani za kuchikuta makolo athu sanali kuzikamba pamaso pa ana. Chifukwa chake muphunzitse mwaulemu, osalongosola zimene siziyenera msinkhu wao. Ngati nkotheka, pemphani mayi mmodzi wa Mvano kuti adzakhale nanu m'kalasi. Zimene talemba pa ntchito ya azamba nza inu aphunzitsi. Kwa ana musankhepo zochepa.

NKHANI YA M'BAIBULO

Aisrayeli atachuluka m'dziko la Aigupto, Farao anachita mantha. Anaitana azamba awiri, Sifra ndi Puwa, nawalamula kuti azipha mwana aliyense wamwamuna wa Ahebri pa nthawi yobadwa. Amayi awa analibe asilikali kapena chuma, koma sanamvere lamulo loipalo chifukwa anaopa Mulungu koposa mfumu. Ana anakhala ndi moyo, ndipo Mulungu anawadalitsa azambawo, nawapatsa mabanja aoao. Onetsani ana kuti Buku la Eksodo silitchula dzina la Farao uja, koma maina a amayi awiriwa lawasunga kufikira lero.

AZAMBA A KWATHU KUNO

Taganizani za midzi yozungulira dambo la Elephant Marsh, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko mtsinje wa Shire umamwazika m'dambo usanakumane ndi Ruo pa Chiromo. Madzi akasefukira, monga anachitira m'chaka cha 2015 ndi pa namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023, misewu imaduka ndipo anthu a ku Makhanga ndi midzi ina amadalira mabwato. Mayi amene matenda amuyamba usiku pa nyengo yotere sangafike msanga ku chipatala cha Trinity ku Muona, kapena cha Montfort ku Nchalo. Nchifukwa chake mzamba wa m'mudzi wakhala munthu wofunika kuyambira kale.

M'zaka za m'ma 1970 boma linayamba kuphunzitsa azamba. Anawaphunzitsa kusamba m'manja ndi sopo, kudula mchombo ndi lezala latsopano kuti mwana asadwale kafumbata, ndi kutumiza kuchipatala mayi amene ali pangozi. Maphunziro amenewa anathandiza, koma imfa za amayi sizinatsike. Kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2004 anapeza kuti amayi 984 anali kumwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Chifukwa chake nchakuti mzamba, ngakhale waluso, alibe magazi oonjezera mayi amene wataya ambiri, ndiponso sangachite opareshoni mwana akakhala mopingasa.

M'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi m'midzi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena m'chaka cha 2010 kuti chiletsocho chichoke ndipo azamba aphunzitsidwe, koma kuyambira 2012 Pulezidenti Joyce Banda pamodzi ndi mafumu analimbikitsanso kuti mayi aliyense azichirira kuchipatala. Pofika 2016 amayi 91 pa 100 alionse anali kuchirira kuchipatala, ndipo chiwerengero cha imfa chija chinali chitatsika kufika pa 439.

Tsono ntchito ya mzamba siinathe, koma inasintha. Mzamba wophunzitsidwa bwino amachita izi:

1. Amalimbikitsa mayi kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba.
2. Amadziwa zizindikiro za ngozi: kutaya magazi, kutupa nkhope ndi manja, mutu wopweteka kwambiri, kukomoka, kutentha thupi, ndi mwana kuleka kusewera m'mimba.
3. Amaletsa mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, pakuti angathe kung'amba chiberekero.
4. Amaperekeza mayi ku chidikiro masiku asanakwane, makamaka mvula ikayandikira.
5. Mwana akabadwira pa njira, amampukuta, namuika pa chifuwa cha mai wake, namfunditsa, naonetsetsa kuti wayamwa msanga, ndipo amapitiriza ulendo wa kuchipatala.

CHENJEZO

Ana ena ochenjera adzafunsa kuti, "Ngati Sifra ndi Puwa anakana lamulo la mfumu, kodi azamba athu sangakanenso lamulo la boma?" Musalithawe funso limeneli. Auzeni kuti lamulo la Farao linali lakupha, koma lamulo lochirira kuchipatala nlosunga moyo. Chimene Mulungu anayamikira mwa amayi aja ndicho kusunga ana amoyo. Mzamba amene lero akuti, "Izi zandikulira, tiyeni kuchipatala," ngakhale ataye nkhuku kapena ndalama imene akadalandira, akuyenda m'mapazi a Sifra ndi Puwa. Musalole kuti ana anyoze azamba okalamba a m'mudzi mwao. Ambiri a ife tinalandiridwa ndi manja ao.

MAFUNSO

1. Kodi Farao anawalamula chiyani azamba aja?
2. Nchifukwa ninji iwo sanamvere?
3. Kodi Mulungu anawachitira chiyani?
4. Amai ako akapita ku chidikiro, iwe ungathandize bwanji pakhomo?

NTCHITO

Ana atchule ntchito zimene angathe kugwira, monga kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kulera ang'ono ao, kuti amai ao asazengereze kupita ku chidikiro poopa kusiya nyumba yokha. Inu aphunzitsi mufunse akulu a mpingo ngati pali bwato kapena njinga imene ingakonzekeretu kunyamula odwala mvula isanagwe.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu mwini moyo, tikuyamikani chifukwa cha azamba, anamwino ndi madokotala. Sungani amayi oyembekezera a m'midzi yathu, makamaka pa nyengo ya madzi osefukira. Tiphunzitseni kukuopani Inu monga anachitira Sifra ndi Puwa. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.