Nyumba ya ku Area 25 yasowa wogula

Mayi, kalata yanu yafika. Mukuti papita miyezi wogula osapezeka. Chithunzi chomwe mwatitumizira, chija munaika pa Facebook, munajambula kukuda, zovala zili pachingwe, n'kungolemba kuti "nyumba yabwino, imbani". Mayi anga, munthu sangakwerere minibasi kuchokera ku Kawale mawu atatu amenewo.

Jambulaninso m'mawa, pabwalo mutasesa. Nenani kuchuluka kwa zipinda, kukula kwa puloti, ngati madzi ndi magetsi a ESCOM alipo, komanso ngati mapepala a malowo ali m'dzina lanu. Mtengo musabise, chifukwa madobadoba amaikapo wawo, ogula n'kuthawa. Ngati denga limadontha, nenanitu. Wogula akadzazindikira yekha dzinja litafika, mudzakokerana kukhoti.