Kusintha kwacha popita ku Lilongwe

Amayi ena a ku Nabvutika, ku Zambia, alemba kufunsa komwe angasinthire ndalama popita ku Lilongwe kukapikula katundu. Amayiwa adziwe kuti ngakhale ndalama za Zambia ndi za Malawi zonse zimatchedwa kwacha, mphamvu zake n'zosiyana, makamaka kuyambira mu Novembala 2023 pamene Malawi idatsitsa mphamvu ya ndalama yake ndi 44 peresenti. Malo odalirika ndi banki kapena bureau de change, kutanthauza ofesi yosinthira ndalama yovomerezeka ndi Bank of Zambia kapena Reserve Bank of Malawi, chifukwa kumeneko amapereka lisiti. Anyamata osintha ndalama pafupi ndi chipata cha pa malire cha Mwami amakopa ndi mtengo wabwino, koma munthu akalandira ndalama zabodza kapena zoperewera, alibe kokadandaula. Kulikonse komwe asinthire, amayi awerenge ndalamazo asanachokepo.