Tisinthe Plant 3D Ntchito Ili Mkati?

FUNSO: A Mlangizi, ndimatsogolera kagulu ka mainjiniya ojambula mapaipi, matanki ndi mapampu a m'mafakitale. Timagwiritsa ntchito AutoCAD Plant 3D yakalekale. Anyamata anga akuumirira kuti tiike yatsopano, koma tili pakalikiliki ndi ntchito ya kufakitale ya shuga, yofunika kutha nzimbe zisanayambe kugayidwa. Tisinthe pano kapena tidikire?
Injiniya, Blantyre

YANKHO: Bambo, dikirani kaye. Anyamatawo sakulakwa, koma nthawi yake si ino.

Vuto lagona apa. Mukatsegula pulojekiti yakale mu Plant 3D yatsopano, imasinthidwa yonse kuti igwirizane ndi pulogalamuyo, ndipo simungayibwezenso ku yakale pokhapokha ngati munasunga kope. Munthu mmodzi akangotero pa pulojekiti yogwirira limodzi, anzake onse atsekeredwa kunja. N'chifukwa chake gulu limasamuka lonse tsiku limodzi, osati mmodzimmodzi.

Chuma chanu chenicheni ndi ma spec ndi ma catalog amene mwakhala mukukonza zaka zonsezi: kukula kwa mapaipi, mavalavu, ma flange, ma gasket. Apa m'pamene anthu amalira. Choncho koperani pulojekiti imodzi imene munamaliza kale, pamodzi ndi database yake, muisamutsire pa kompyuta imodzi yoyeserera. Tulutsaninso ma isometric ndi mndandanda wa zipangizo, muyerekeze ndi zakale mzere ndi mzere. Onaninso ngati manambala a pa P&ID akulozabe zida zake m'chithunzi cha 3D. Flange imodzi yolakwika pa mndandanda ndiye kuti mwaitanitsa chitsulo chosayenera kuchokera ku Johannesburg, ndipo wowotcherera adzakhala manja lende kudikira china.

Za ndalama musazinyalanyaze. Autodesk, kampani yopanga pulogalamuyi, inasiya kugulitsa malayisensi amuyaya mu 2016. Masiku ano mumalipira nthawi ndi nthawi, pa mtengo wotsatira dola. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yotere inakwera usiku umodzi, osanenanso za mavuto opeza ndalama zakunja kubanki. Makompyuta nawonso angafune RAM yowonjezera.

Funsaninso eni fakitalewo kuti iwo amatsegulira mafayilo anu pa chiyani, musadzawatumizire zimene sangathe kuziona.

Nzimbe zikayamba kulowa m'chigayo ndipo ntchito mwapereka, patulani sabata yophunzitsa anyamatawo, kenako pulojekiti yotsatira muiyambire pa yatsopano.